Kabotolo ka Asewele

Mwana wanga wamkazi anamwalira Lachiwiri, patangotha masiku awiri chibadwire khanda lake. Ndayambira pamenepa chifukwa zonse zimene ndikufuna kunena zinachokera pomwepa.

Ndimakhala ku Makause, m'nyumba ya malata ya zipinda ziwiri. Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita m'nyumba zitatu za ku Primrose, ndipo ndimapita wapansi. Mwana wanga wamkaziyu ndinamusiya kwathu ku Ntcheu ali wamng'ono, ine n'kubwera ku Joni. Atakula ananditsatira, n'kukwatiwa ndi mwamuna wa kwathu komweko amene amalondera nyumba yosungiramo katundu ku Germiston. Mimba yake yoyamba itakwana miyezi isanu ndi iwiri, miyendo inatupa, mutu osaleka kuwawa. M'mawa wina anagwa pansi ali ndi ketulo m'manja, n'kuyamba kuphupha. Kuchipatala anati ndi bipi. Anamuchita opareshoni n'kutulutsa mwana wamkazi. Mayiyo anatsegula maso kamodzi kokha. Anandifunsa ngati ndakhoma chitseko cha nyumba yake, poti anasiya zovala za mwana pabedi. Ndinati ndakhoma. Sanalankhulenso.

Mdzukulu wanga anamugoneka m'galasi, kabokosi kofunda kokhala ndi timawindo tiwiri topisapo manja. Anali wochepa moti thewera laling'ono kwambiri linkamufika m'khwapa. Khungu lake linali lofiira, mitsempha ikuonekera. Kuyamwa sankatha, choncho anamulowetsa kachubu m'kamwa kotsikira m'mimba, n'kumathiramo mkaka pang'onopang'ono ndi jakisoni wopanda singano. M'wodi imeneyo ankalola anthu awiri okha pa mwana aliyense, ndipo analemba bambo ake ndi ine. Polowa tinkasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuvala mkanjo wobiriwira pamwamba pa zovala zathu. Foni tinkasiya panja.

Lachisanu la sabata yomweyo ndinafika m'mawa n'kupeza galasi lazunguliridwa ndi anthu anayi. Sisita wamkulu wa wodiyo anandigwira mkono n'kundikhazika pampando wa kukhomo. Anali mayi wa Chizulu, wamkulu thupi, magalasi ake akulendewera pa chingwe. Ine Chizulu ndimamva cha m'tekisi ndi cha pamsika, koma iye ankalankhula nane pang'onopang'ono mpaka ndimve. Anati dzulo lake kachubu kanatuluka, analowetsa kena. Kuyambira pamenepo mwana anayamba kutulutsa thovu m'kamwa, m'kachubu munkabwera timagazi, ndipo tsopano akuvutika kupuma. Amujambula pachifuwa, tidikire dokotala.

Dokotala anali mtsikana wochepa msinkhu kuposa mwana wanga. Anandiitanira pa kompyuta. Iye ankalankhula Chingerezi, sisita n'kumamasulira. Pachithunzipo ndinaona nthiti zing'onozing'ono ngati za nkhunda, ndi mzere woyera wotsika pakati.

“Mzere uwu ndi kachubu,” anatero dokotala, akuloza ndi cholembera. “Kamayenera kutsika chonchi, n'kukhotera kuno kumanzere, kumene kuli mimba. Taonani kumene kapita.”

Mzerewo unali utakhotera kumanja, n'kukathera pakati pa nthiti.

“Katuluka m'njira ya chakudya. Kaboola khoma lake n'kulowa m'chifuwa. Mkaka wa dzulo wina wapita kumeneko, ndi mpweya womwe. Mdima uwu ndi mpweya umene wapanikiza phapo la kumanja.”

Ndinafunsa kuti waboola ndani. Sisita anandiyang'ana, osafuna kumasulira, koma dokotala anali atamva kale ndi nkhope yanga.

“Ndi ife,” anatero. “Kwa ana obadwa masiku asanakwane zimachitika ngakhale wolowetsayo atasamala chotani. Koma kachubu ndi kathu.”

Ndinkayembekezera kuti andizunguza ndi Chingerezi chambiri. Sisita anang'amba tishu, n'kuinyowetsa pampopi, n'kundipatsa kuti ndiigwire. Inabooka ndi chala changa ndisanaikanikize n'komwe. Anati njira ya chakudya ya mwana ngati ameneyu ndi yotero.

“Ndiye musoka?” ndinafunsa.

Dokotala anati ayi. Kumung'amba mwana wochepa chonchi n'koopsa kuposa bowolo, ndipo kawirikawiri limatsekeka lokha likasiyidwa. Achotsa kachubu. Aboola pambali pa nthiti n'kuikapo kapaipi kotulutsa mpweya ndi madzi oipa. Amupatsa mankhwala amphamvu opha tizilombo, ndipo chakudya chake chizilowa m'mtsempha kudzera m'diripi. Koma m'kamwa musalowe kanthu masiku khumi. Akakwana, adzamujambulanso kuti aone ngati bowo latsekeka.

“Ngakhale madzi?”

“Ngakhale dontho, gogo,” anatero sisita osadikira dokotala. “Chimene angameze sichipita m'mimba. Chituluka pabowo, chikawola pafupi ndi mtima. Akadwala pamenepo, timalephera kumubweza.”

Tsiku lomwelo anamata pepala la zilembo zofiira pagalasi. Sindinapite patali ndi sukulu ndipo Chingerezi sindiwerenga, koma pepalalo ndinkalidziwa chimene likunena.

Nthawi yomweyi kunyumba kunali maliro. Amayi a kumpingo ankagona m'siwa, amuna akuthamanga ndi mapepala onyamulira mtembo kupita kumudzi. A gulu lathu la maliro anati galimoto inyamuka Lachiwiri, ikafika Lachinayi, mwambo Lachisanu. Tinagwirizana kuti mkamwini wanga aperekeze mkazi wake, ine nditsale ndi khanda. Sindinatsutse. Wina ankayenera kutsala, ndipo mwamuna sangakhale ku Joni mkazi wake akuikidwa. Koma zinatanthauza kuti mwana amene ndinabereka ndekha aikidwa ine kulibe.

Lolemba masana asewele anga, mayi ake a mkamwini, anandikodola kuti tipite kuseri kwa nyumba. Amakhala ku Thokoza, amagulitsa magwinya, mandasi a kuno, ndi mazira owiritsa pageti la hositelo yogona amuna apantchito. Amuna awo anali a m'migodi, anamwalira ndi chifuwa. Ndi mayi wamfupi, wamawu aakulu, ndipo masiku abwino tinkanyozana ngati ana. Iwo ankati ndinawabera mnyamata wawo ndi mwana wosadziwa kukazinga magwinya, ine ndinkati mnyamatayo anabwera yekha atatopa ndi mafuta awo. Tsiku limeneli panalibe zoseka. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kotsukidwa, kokhala ndi madzi ofiirira.

“Mukudziwa chimenechi, asewele,” anatero.

Ndinkachidziwa. Kwathu mayi akamwalira n'kusiya khanda, amanyika mizu m'madzi n'kumudontheza mwanayo palilime bokosi lisanalowe m'manda. Amati akatero mwana amaiwala fungo la mayi ake, ndipo mayiyo amapita yekha. Akapanda kutero, mayi amabwerera kudzamutenga. Ndili mtsikana ndinaona amayi anga akuchitira mwana wa oyandikana nawo, ndipo mwanayo lero ali ndi ana ake.

“Mizuyi ndinabwera nayo ndekha kuchokera kumudzi,” anatero asewele. “Ine kuchipatalako sandilola kulowa. Mupereka ndinu. Madontho atatu basi.”

Ndinawafotokozera za bowo, za mzere woyera, za tishu yonyowa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Malovu sameza?” anandifunsa.

Ndinati amamupukuta ndi kumupopa pakamwa, koma mwina ena amameza.

“Ndiye malovu alowe, madontho atatu akanike? Asewele, azungu amawerenga za m'mabuku mwawo. Za kwathu adziwira kuti?”

“Dokotalayo si mzungu.”

“Kaya. Mng'ono wanga anafera pobereka ku Balaka. Amuna ake anali opemphera kwambiri, anakaniza zimenezi. Sabata isanathe tinakumba kamanda pambali pa mayi ake. Ndinasambitsa ndine mwanayo. Inu mukufuna ndisambitsenso uyu?”

Ndinati masiku khumi akwana Lolemba linalo, bwanji maliro adikire masiku atatu okha. Anapukusa mutu. Mtembo woyenda masiku atatu pamsewu, m'kangolo ka kumbuyo kwa minibasi, m'dzuwa la ku Tete, sungadikirenso. Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Anatinso alankhula kale ndi achimwene anga, amene ndi eni mbumba kwathu, ndipo agwirizana kuti bokosi silitsika mpaka foni ichokere kuno yonena kuti mwana wamwa.

Ndinalandira kabotoloko. Sindinavomere, sindinakane. Ndinakaika m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati.

Masiku otsatirawo ndinkapita kuchipatala m'mawa uliwonse. Kwa mabwana ndinapempha tchuthi. Mdzukulu wanga anali ndi kapaipi m'nthiti za kumanja, kena pamkono kolowetsa madzi oyera ngati mkaka ochokera m'thumba lolendewera, ndi tizingwe tambiri pachifuwa. Sisita anandiphunzitsa kumugwira. Osamusisita, khungu silifuna. Kungoika dzanja limodzi pamutu, lina kumapazi, n'kukhala chete. Chimene chinkandipweteka ndi kamwa lake. Milomo inkauma, ndipo nthawi zina ankaitsegula n'kumayamwa mpweya, kalilime kakutuluka, kufunafuna. Ndinalera ana anayi, awiri anga ndi awiri a mchemwali wanga, ndipo sindinaonepo mwana akufuna chakudya ine n'kungomuyang'ana.

Ndikabwerera kunyumba ndinkatsegula chitini cha tiyi. Ndinkaganiza za mwana wa ku Balaka, kenako za mzere woyera uja. Ndikapemphera, ndinkapempha kuti galimoto ya maliro ichedwe pachipata cha m'malire a dziko. Sinachedwe. Lachinayi madzulo mkamwini anaimba kuti afika bwino.

Lachisanu asewele anafika ku Makause dzuwa litangotuluka, atavala zakuda. Tinakwera tekisi limodzi. Kabotolo ndinakabisa m'kamisolo, ndipo msewu wonse ndinkakamva kakuzizira pakhungu. Titafika, iwo anakhala pabenchi ya panja pa wodi. Ndinawasiyira foni yanga. Isanathe mphindi inalira, ndipo anali achimwene. Asewele anayankha n'kundiuza kuti anthu anyamuka kale kutchalitchi, akulowera kumanda.

“Pitani,” anatero. “Musachedwetse mwana wanu padzuwa.”

Ndinasamba m'manja, ndinavala mkanjo. Sisita anali kumapeto kwa wodi, atatembenukira kukhoma, akusintha diripi ya mwana wina. Amayi awiri anali pafupi ndi ana awo, aliyense maso pagalasi lake. Ndinakhala pampando wanga. Ndinapisa dzanja m'khosi mwa mkanjo, ndinatulutsa kabotolo, ndinakatsegulira pamiyendo. Kanatulutsa fungo la dothi lonyowa la kudambo la kwathu. Ndinaviika chala. Ndinatsegula kawindo ka galasi n'kulowetsa dzanja.

Mwana anali maso. Anamva kuti pafupi pali kanthu, anatembenuza mutu pang'ono n'kutsegula kamwa. Dontho linali litalendewera kunsonga kwa chala changa. Pakati pa chala ndi lilime lake panatsala malo osakwana kutalika kwa machesi.

Sindinganame kuti ndinaganiza zanzeru pamenepo. Maso anga anangotsatira njira imene dontholo likanadutsa. Lilime, kukhosi, kenako pansi pang'ono, pamene dokotala analoza ndi cholembera. Kuchokera pamenepo maso anapita okha kumanja, kunthiti, pamene kapaipi kanatulukira, pomatidwa ndi pulasitala. Bowo limenelo ndinali nditaona njira yake ndi maso anga.

Ndiyeno ndinaganiza za mwana wanga, amene anthu ankati abwera kudzatenga khandali. Ndinamukumbukira ali pabedi lija, nkhope itatupa, akufunsa za chitseko kuti zovala za mwana zingabedwe. Mwezi wathunthu anali akusoka timalaya pamanja, poti za m'sitolo ankati n'zokanda. Ali wamng'ono, ndikatumiza masikono kumudzi, ankabisira mng'ono wake theka. Mwana ameneyu ndimamudziwa ndine. Sanalandepo kanthu m'manja mwa munthu ali moyo. Sindinaone chifukwa choti ayambe atamwalira.

Ndinabweza dzanja pang'onopang'ono kuti dontho lisagwere pansalu. Ndinatseka kawindo ndi chigongono. Kabotolo kanali m'dzanja langa, kotsegula, ndipo sindikanatha kukatulutsa kodzaza kapena kukatayira m'sinki ngati madzi otsukira mbale. Ndinakaika pakamwa n'kumwa zonse. Zinali zowawa kwambiri, mpaka misozi inatuluka. Chamumtima ndinamuuza mwana wanga kuti, ngati zili zoona kuti ubwera, ubwere kwa ine, ndine ndinakuyamwitsa. Uyu umusiye.

Nditapita kusinki kukasambanso, sisita anali kumbuyo kwanga.

“Gogo, wasamba kale iwe.”

“Ndikusambanso.”

“Uli ndi chiyani m'dzanjamo?”

Ndinamuonetsa. Anakanunkhiza, nkhope yake n'kusintha. Anandigwira phewa mwamphamvu.

“Wamupatsa?”

“Ayi.”

“Ndiyang'ane. Ngati wamupatsa undiuze pompano, sindikukalipira, ndikungofuna ndiitane dokotala nthawi isanathe. Wamupatsa?”

“Ndamwa ndine.”

Anandiyang'anitsitsa, kenako anapita pagalasi, anavala magolovesi, anayang'ana mwana m'kamwa ndi kanyali, anagwira nsalu ya pansi pa mutu. Atabwerera anapumira m'mwamba.

“Hayi, gogo. Ukatsekula m'mimba usabwere m'wodi mwanga.” Anandibwezera kabotolo. “Katulutse. Kuyambira lero ukamalowa ndizikusecha ngati wapolisi.”

Panja asewele anali ataimirira, foni ili kukhutu. Atandiona anatambasula dzanja, ndinawapatsa kabotolo. Anakaunika kuwindo, anaona kuti mulibe kanthu, nkhope yawo n'kumasuka. Ndikanangokhala chete, zonse zikanathera pomwepo. Iwo akanauza achimwene kuti zatheka, bokosi likanatsika, palibe akanadziwa. Ndinaganizapo zimenezo. Koma sindinafune kuti mwana wanga aikidwe ndi bodza la mayi ake.

“Sanamwe, asewele,” ndinatero. “Ndamwa ndine.”

“Mwati chiyani?”

“Ndipatseni foni.”

Mufoni ndinamva nyimbo ya amayi a mvano, ndi mphepo. Achimwene anafuula kuti, “Zatheka, chemwali?”

Ndinawauza zimene ndinachita.

“Chemwali, anthu aima pano ndi zingwe m'manja. Ukudziwa chimene wachita?”

“Ndikudziwa, achimwene. Mwanayu ali ndi bowo kukhosi, ndaona chithunzi chake. Ndikamudontheza, ndamupha ndi dzanja langa. Ngati mayi ake abwera, apeza ine pakhomo. Ikani mwana wanga, dzuwa lamukwana.”

“Zikavuta, mlandu ndi wako.”

“Ndi wanga.”

Ndinamva akulankhula ndi anthu ena, mawu okwera, kenako foni inapita kwa mkamwini. Iye anaona nawo chithunzi chija asananyamuke. Anangoti, “Amayi, ndamva. Musadule, ndiigwira chonchi kuti muzimva.”

Ndinakhala pabenchi. Ndinamva abusa akuwerenga, ndinamva zingwe zikukhula m'mphepete mwa manda, kenako dothi loyamba likugwera pabokosi. Anthu ankadutsa patsogolo panga ndi mafayilo, wina akukankha ngolo ya nsalu zakuda. Maliro a mwana wanga ndinawakhala choncho. Nditakweza mutu, asewele anali atapita. Kabotolo anakasiya pabenchi.

Loweruka mwana anali bwinobwino. Lamulungu ndinapitako nditachoka kutchalitchi, n'kupeza makina ake akulira pafupipafupi. Thupi linali litatentha, khungu litatuwa, ndipo nthawi zina ankaiwala kupuma mpaka namwino amugwedeze phazi. Dokotala wa tsikulo anali wina, bambo wandevu. Anati tizilombo talowa m'magazi, mwina kuchokera pabowo, mwina pa chingwe cha diripi. Anatenga magazi, anasintha mankhwala, anamuika pa makina opumira. Ndinafunsa ngati achira. Anati tiona masiku awiri akubwerawa.

Panali patangotha masiku awiri chiikire mayi ake, ndipo mawu a asewele a mwana wa ku Balaka anandibwerera onse. Ndinaika dzanja pamutu pake, lina kumapazi, monga anandiphunzitsira. Ndinakhala choncho mpaka nthawi yotuluka. Sindinauze munthu aliyense, koma nkhani ya ku Joni imayenda yokha. Lolemba m'mawa ndinapeza asewele ali pabenchi paja, chikwama chili pamiyendo. Ndinawapatsa moni.

“Akapita,” anatero, akuyang'ana khoma, “mukamuuza nokha mwana wanga. Ine ayi.”

“Ndikamuuza ndekha.”

Limeneli linali tsiku lakhumi, koma anati sangamujambule ali chonchi. Anamujambula Lachitatu, kutentha kutatsika. Anabweretsa makina m'wodi momwemo, anamutsitsira timadzi toonekera pachithunzi, pang'ono kwambiri, kuti aone kumene tipite. Dokotala wachitsikana uja anandiitaniranso pa kompyuta. Timadzi tambiri tinatsika molunjika, koma panali kamzere kopyapyala ngati ulusi kopatukira kumanja. Bowo linali litachepa, koma linali lisanatsekeke. Anawonjezera masiku ena asanu.

Nditawauza asewele, anatsegula chikwama, anatulutsa magwinya awiri okulungidwa m'nyuzi, n'kuwaika pabenchi pakati pathu. Ndinadya limodzi. Masiku onse asanuwo ankabwera m'mawa, akusiya geni yawo m'manja mwa mnzawo, n'kukhala pabenchi ya wodi imene sankaloledwa kulowa. Sitinkacheza. Ndikatuluka ankandiyang'ana kumaso, ine n'kunena kuti wapuma yekha lero, kapena amuchotsa kapaipi ka m'nthiti, iwo n'kugwedeza mutu. Sisita ankandisechadi pakhomo, akuseka, koma ankasecha zenizeni.

Mkamwini anabwera Loweruka ndi basi. Anandibweretsera chithunzi cha manda m'foni, ndi nkhata zake. Ndinachiyang'ana kamodzi n'kumubwezera.

Lolemba linalo anajambulanso. Tinaima awiri, ine ndi mkamwini, kumbuyo kwa dokotala. Timadzi tinatsika pakati pa nthiti, tinapitirira, tinakhotera kumanzere, n'kukadzaza kathumba kakang'ono. Dokotala anakulitsa chithunzicho, anafufuza mbali ya kumanja ndi cholembera chake, kutsika ndi kukwera. Kenako anatembenuka n'kulankhula mawu amodzi a Chizulu chake chophunzira, amene sisita sanafunike kumasulira. Latsekeka.

Kachubu katsopano analowetsa dokotala yekha, kofewa, ndipo anajambulanso kuti atsimikize kuti kafika m'mimba asanathiremo kanthu. Za mkaka anati wa m'chitini ungamuvute m'matumbo, ndiye pali mkaka umene amayi ena amafinya n'kupereka, chipatala n'kuuyeza ndi kuuphika. Mkamwini anasaina pepala. Ndinatuluka kukawauza asewele.

“Mkaka wa ndani?” anafunsa.

“Sanena.”

“Ndiye tidziwa bwanji mtundu wake? Akakhala wa mzungu, mwana adzayamba kulira m'Chingerezi, ife osamva.”

“Akakhala wa wogulitsa magwinya ndiye tavutika, azingolira mafuta.”

Anandimenya paphewa ndi chikwama. Kenako anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinakhala nawo pabenchipo mpaka analeka.

Mkaka woyamba unali wochepa, wosadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Sisita anandipatsa jakisoni uja kuti ndimugwire m'mwamba, mkaka utsike wokha. Ndinautsatira ndi maso m'kachubu mpaka unalowa m'kamwa. Tinadikira maola atatu. Mimba sinatupe, mpweya sunasinthe, makina sanalire. Anamupatsanso wina.

Anatuluka m'chipatala patapita masabata ena asanu ndi limodzi, atavala kalaya kamene mayi ake anasoka, manja ake titawapinda kawiri. Lero akuyenda, ndipo amadya chilichonse chimene wapeza, ndi makala omwe. M'munsi mwa khwapa la kumanja ali ndi kachipsera kangati njere ya mpunga. Ine kumanda a mwana wanga sindinafikebe. Achimwene tikamalankhula pafoni amafunsa za mwana, koma za tsiku lija satchula.

Madzulo a tsiku la mkaka woyamba, mkamwini anapempha sisita kuti mayi ake alowe m'malo mwake kamodzi kokha, poti chibadwire mwana anali asanamuone. Sisita anavomera, mphindi zisanu. Asewele anaimirira, anakonza duku, kenako ananditembenukira.

“Kabotolo kanga kali kuti?”

Ndinali nako m'chikwama masiku onsewo. Ndinawapatsa. Anakayang'ana, anakamanga pa mfundo ya chitenje. Sisita, amene anali pakhomo ndi mkanjo wobiriwira m'manja, analoza mfundoyo n'kupukusa mutu. Asewele anamasulanso, akung'ung'udza kuti ndi kopanda kanthu, n'kundipatsa kuti ndiwasungire. Anapinda manja a bulauzi mpaka m'zigongono, ndipo ndinawasonyeza pamene pali sopo.